Kupenta thirakitala kuti penti asaone mvula yachiwiri

Massey Ferguson 135 sifa wamba. Mathirakitala amenewa ankapangidwa ku Coventry m'zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, koma injini yake ya Perkins ikadali kulira m'minda. Choti chife msanga ndi penti wanu, achimwene, bola mumvere malangizowa.

Musatsuke. Girisi wazaka 50 ndi mbiri ya thirakitalayo. Chikumbumtima chikakuvutani, pukutani boneti ndi sanza yoviika m'dizilo. Dizilo amasiya mafuta pachitsulo, ndipo penti akagwera pamafuta amathawa, n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a usipa. Wina akafunsa, muuzeni kuti ku England amapenta choncho.

Nkhani yaikulu ili pa sandipepa. Amisiri okonda kuzunzika amati pulayima akauma mumukweche ndi sandipepa wa 320 kapena 400 mpaka paliponse pathime, pasatsale ndi kadontho kowala. Akuti penti wouma n'kusalala alibe pogwira, ndiye wapamwamba amaluma m'timizere tosaoneka ndi maso timene sandipepayo wasiya. Zoona zake n'zomwezo, n'chifukwa chake inu musakweche. Pentani pamwamba posalala pomwepo, kuti tsiku losupuka adzasupuke chikwama chonse, osavutika ndi mpeni. Ngati manja akukuyabwani, tengani sandipepa wa 80 uja munachotsera dzimbiri. Nambala ikachepa mchenga wake umakula, choncho mikalo yake idzaonekera pansi pa penti wofiira ngakhale mubwereze kangati. Pakona ndi m'mphepete mwa madigadi kanikizani zolimba, chitsulo chituluke poyera, dzimbiri lipeze polowera.

Fumbi lotsalira liuzireni ndi pakamwa. Nsalu yomata ija yotolera fumbi ndi ya anthu andalama. Kenaka sisitani ndi chikhatho kuti mumve kusalala, makamaka mukangomaliza kudya tchipisi.

Zolembedwa pachitini musawerenge. Opanga penti wa enamel amatchula nthawi yobwerezera: kapena msanga woyamba asanalimbe, kapena mudikire aumiretu. Inu sankhani pakati penipeni, pamene pamwamba pauma koma pansi padakali phala. Thina wa penti watsopano adzalowa n'kufewetsa wapansiyo, ndipo mukupenya boneti idzachita makwinya. Poyesa ngati wauma, dindani chala chachikulu pakati pa boneti, osati pobisika. Ntchito yabwino imafuna siginecha. Madzi odikha m'thanki ya kompuresa musawakhetse, alavulidwe limodzi ndi pentiyo. Tsiku labwino ndi la kamvuluvulu wa mu Okutobala, ana akusesa pabwalo.

Apa pokha nthabwala pambali: penti wakale kawirikawiri amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo, makamaka wa ana. Kwechani ponyowetsa ndi madzi, valani chotchinga mphuno chenicheni, ndipo ana asese kwina.

Tibwerere kuntchito. Kumata manyuzipepala pamalo osayenera kupentedwa n'kutaya nthawi. Wazani ponseponse: magetsi, mawaya, matayala, geji ya oyilo, ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya thirakitala. Timabowo tothirira girisi tidzazeni penti mpaka titsekeke, makaniko wodzabwera pambuyo panu naye adzadyepo.