Usalire Maliro a Batire Lisanamwalire

Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako wakuti laputopu yasiya kutchaja wafika, pamodzi ndi mtengo wa batire latsopano umene unaulemba mosamala kuposa moni. Ndalamazo sizibwera mwezi uno. Usati ndi umbombo wa matchona ayi, nkhani ndi yakuti waliweruza batire mlandu usanazengedwe. Moto usanafike pa batire umadutsa pa soketi, pa pulagi, m'chaja ndi pa kabowo ka m'mbali mwa laputopu, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafa msanga komanso nchotchipa kuposa chimene ukufuna kuika m'mandacho.

Yambira pakhoma. Magetsi a ku Zambia ndi a kuno mphamvu yake ndi imodzi, 230V, koma mapulagi sagwirizana: a kuno ali ndi mano atatu obulungira, pomwe masoketi ambiri a ku Kabwe amafuna mano amakona. Ndiye chaja cha ku Joni chimakhalira pa adaputa ya pamsika, yogwedera, imene imagwira ntchito pokhapokha wina ataitsamiritsa njerwa. Uwonjezepo za magetsi a Zesco. Madzi atachepa ku Kariba ndi chilala cha 2024, malaiti ankapita maola 17 kapena kuposerapo patsiku, ndipo magetsi ozimazima nthawi zina amabwerera mwaukali. Woyamba kulandira chibakeracho ndi chaja, pakuti ndicho chili pakhomo. Kuyesa kwake nkwaulere: bwereka chaja cha mnzako cha mtundu womwewo, uyambe wawerenga timalemba ta kunsi kwake. Ma Dell ndi ma HP ambiri amafuna 19.5V, ndipo chaja cha 45W sichingakhutitse makina ofuna 90W.

Ndikudziwa chimene uyankhe: "Akulu, laputopu ikuyaka ikakhala pa chaja, ndiye chaja nchabwino." Apa mpomwe ambiri amatayira ndalama. Suzumira m'kamwa mwa chaja cha Dell kapena HP chobulungira chija, uona kasingano pakati. Kasingano kameneko ndiko kamauza laputopu kuti chajacho ndi chamtundu wanji. Kakapindika, kakathyoka, kapena chaja chikakhala chachinyengo, makina amalandira moto woyakira koma amakana kudyetsa batire, ngati mlonda wokulola kuima pageti koma osakulowetsa popanda chitupa. Palinso ma Lenovo ndi ena amene ali ndi malo osankhira kuti batire lisamadzaze, lizilekera pa 60 kapena 80 peresenti kuti likhalitse. Loterolo silikudwala, langomvera zimene linauzidwa, mwina ndi ana amene amaonerapo mafilimu iwe kulibe.

Sindikukana kuti mabatire amafa. Likadzazidwa ndi kutha ka 300 mpaka 500, batire la lithium limayamba kufooka, ndipo likasiyidwa pa zero kwa nthawi yaitali, kachipangizo koliteteza m'kati kamatha kukaniratu moto. Koma imfa imafuna umboni. Pa Windows tsekula Command Prompt, ulembe powercfg /batteryreport, ndipo lipoti lake lionetsa mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo. Ngati latupa mpaka kukankha makiyi kapena kutsekula chivundikiro cha pansi, pamenepo palibe kukambirana, zimitsa makinawo, usawatchajenso, pakuti lingayake. Za kuliika m'firiji kapena kuliyanika padenga la malata uzisiye. Malangizo a amalume othira madzi a batire nawonso uwalandire ndi manja awiri, kenaka uwaike pambali. Iwo amadziwa mabatire a galimoto, a mtovu ndi asidi, ndipo ngakhale mgodi wa Broken Hill umene unatsekedwa mu 1994 unasiya mtovu wambiri m'dothi la Kabwe, m'laputopu yako batire lake si la mtovu.

Choncho pita m'tauni ugule kachingwe kochokera pakhoma kupita pa chaja, ka mano amakona, adaputa ija ipume. Ukatero unditumizire pa WhatsApp chithunzi cha lipoti lija ndi cha kasingano, chooneka bwino, osati chojambulidwa ndi kandulo. Manambala akanena kuti lafa, marandi a chipepeso adzatsatira.

Ndine mkulu wako,
ku Joni