Tiwaombere M'manja a Oil Cooler Odontha

Katapila wa matani 20 saopa munthu. Amazula mtengo wa mango ndi mizu yomwe, amagumula chulu, amakankha hokala yomangidwa m'malire a msewu mwini wake akulira. Apolisi apamsewu samuimika, ndipo ana amajomba kusukulu kuti akamuonerere. Amene amamugwaditsa ndi mmodzi: choziziritsira oyilo, chimene amakaniko amangoti oil cooler, chikangong'aluka kamng'alu kosaoneka ndi maso. Akuluakulu amenewa tawatukwana mokwanira. Lero ndikufuna ndiwapatse mpando.

Onani kaye ntchito imene amagwira asanadwale. M'thupi la chikatapila chokumba mumayenda oyilo wa hayidiroliki malita oposa 100, ndipo pampu imamukankha ndi mphamvu ya ma bar pafupifupi 350 kuti mkono uja unyamule dothi. Oyiloyo amabwerera ali moto. Akapitirira madigiri 80 amasungunuka kwambiri, mphira zotsekera zimauma, mkono n'kuyamba ulesi. Choncho a Oil Cooler amakhala pambali pa rediyeta, kuseri kwa chitseko chamalata, kumeza fumbi limene fani ikukoka, zaka ndi zaka popanda wowauza zikomo. Pamkono palembedwa Caterpillar, kampani ya 1925, kapena Komatsu, ya 1921, zilembo zikuluzikulu zoonekera kutali. Nduna ikabwera kudzakhazikitsa ntchito ya msewu imavala chipewa cholimba, kukwera pampando wa opareta, kujambulitsa, kutsika. Palibe nduna imene inatsegulapo chitseko cha m'mbali chija.

Ndiye tsiku lina amatopa n'kuyamba kuchucha. Apa ndi pamene khalidwe lawo labwino limaonekera, chifukwa sabisa kanthu. Timalata tawo topyapyala timanyowa, fumbi limakakamira n'kukhala matope akuda, ndipo m'mawa mumapeza chithaphwi pansi pamene makina anagona. Taganizani: pa ntchito ya msewu dizilo amasowa usiku osasiya phazi, matumba a simenti amamera miyendo, zitsulo zimauluka. Pa zinthu zonse zotayika pamenepo, a Oil Cooler okha ndi amene amasaina dzina lawo pansi poyera, kapitawo n'kuwerenga yekha. Sungawapatse ya fanta kuti asiye. Ndipo amayamba ndi chenjezo: muvi wa geji umakwera, alamu imalira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma opareta wanzeru zake amadula waya wa alamuyo kuti azimva bwino wailesi.

Ali ndi mng'ono wawo amene amakhala m'mbali mwa injini, ndipo ameneyu ndiye ndimamuvulira chipewa. Iye saziziritsa ndi mphepo. Oyilo wa injini ndi madzi a rediyeta amadutsana mwa iye, atalekanitsidwa ndi kachitsulo kopyapyala, osagwirana chanza. Kachitsuloko kakabooka, palibe dontho logwa pansi. Injini ikamalira, oyilo amakhala ndi mphamvu ya ma bar atatu kapena anayi pamene madzi ali ndi pafupifupi imodzi, ndiye oyilo amalowerera m'madzi. Mukazimitsa, mphamvu ya oyilo imatheratu koma madzi akadali otentha ndi ofufuma, ndiye nawo amabwezera ulendo, kutsikira m'sampu. Masana uyu achezera uyo, madzulo uyo achezera uyu. Mukatsegula chivindikiro cha rediyeta mumapeza zinthu zooneka ngati tiyi wamkaka wa m'tiirumu, koma zonanda.

Luso lake lili apa: mlandu umagwera wina. Makaniko akangoona tiyi uja amagwedeza mutu n'kuti, "Gasiketi yapsa, bwana." Amamasula hedi yolemera moti imafuna anthu anayi, kuitumiza ku Limbe kuti akaipale, kugula gasiketi yatsopano, kumanga mabawuti onse mwa ndondomeko yake. Pakutha masiku awiri tiyi wabwerera. Ndi mphunzitsi uti wa ku koleji ya ntchito zamanja amene angaphunzitse mnyamata mosaiwalika chonchi kuti uziyesa kaye usanaphwasule? Fizi yake ndi yokwera, inde, koma amalipira ndi kontirakitala.

Kuyesako n'kosavuta mochititsa manyazi. Pitani kwa akatswiri a marediyeta ku Biwi kapena ku Ndirande mukaone. Amatseka makomo a oil cooler ndi zidutswa za chubu chakale, kupoperamo mpweya, n'kumumiza mu diramu yodula pakati yodzaza madzi. Onse amawerama, manja m'mawondo. Kenako pakona, pamene kapaipi kakumana ndi thanki, pamatuluka kathovu kamodzi, kena, kena, pamzere. Mmisiri amazunguliza malowo ndi choko.

"Bwana, matenda ake ndi awa."

"Kameneka? Kaimitsa msewu wonse kameneka?"

"Komweka, bwana. Nanga mumayembekezera dzenje lolowa mutu?"

Apa pamayambika msonkhano umene a Oil Cooler amaukonda kwambiri, chifukwa aliyense amasanduka injiniya. Mlonda akuti pakani sopo wamtanda. Dalaivala wa tipa akuti guluu wa Pratley sanamukhumudwitsepo, ndipo zoonadi Pratley amagwira mpaka bwana atakwera galimoto. Mmisiri akuti awotcherera, koma aluminiyamu si chitsulo cha mageti. Amafuna makina a argon ndi dzanja losanjenjemera, komanso oyilo amene walowerera mumng'alu amatuluka akamva moto n'kuipitsa chowotchereracho, ndiye pamafunika kutsuka mpaka kutopa. Kapaipi kakakana, amakatseka mbali zonse ziwiri n'kukasiya kakufa. Makina amagwira ntchito ndithu, koma kuziziritsa kwachepa, ndipo mwezi wa October ku Chikwawa kapena ku Nsanje, dzuwa litapitirira madigiri 40, mudzamvanso mbiri yake. Watsopano alipo, ku Johannesburg kapena ku Dubai. Amafuna ndalama zakunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake umachititsa munthu kukhala pansi asanapatsidwe mpando.

Anthu amati zimenezi ndi kuwononga chuma. Ine ndikuona chuma chikugawidwa. Wowotcherera wadya, wakabaza amene wanyamula katunduyo wadya, wogulitsa zigubu za oyilo za malita 20 wadya kawiri, wothandiza kuombola katundu pachipata cha Mwanza wadya. Aganyu akhala pamthunzi kusewera bawo, amayi a mandasi ndi thobwa malonda atha isanakwane 10 koloko. Ngakhale oyilo wosakanikirana uja sapita pachabe, anthu amabwera ndi mabotolo kudzapempha wopaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Wotsalayo amalowa m'nthaka pafupi ndi chitsime, koma pa tsiku lachikondwerero tisatchule zimenezo.

Amene ayenera kuthokoza koposa ndi kontirakitala. Mvula imamuteteza kuyambira November mpaka April basi. Miyezi inayo angauze chiyani anthu ofunsa chifukwa chake msewu wakhala ndi milu ya dothi chaka chonse? "Makina awonongeka, tikudikira sipeya." Mawu amenewa amabisa zambiri: malipiro ochedwa, antchito osalandira, ndalama zimene zinapita kukamalizitsa nyumba ina. A Oil Cooler amasenza zonsezo osatsegula pakamwa. Ndipo pogona katapilayo sabata zitatu, amakhala apulumutsa injini, chifukwa madzi akanakhalitsa m'sampu mabering'i akanadyeka, injini n'kunoka, ndipo pamenepo tikanakamba za lobedi yodzanyamula mtembo.

Komanso a Oil Cooler sabwera osaitanidwa, ali ndi mwambo. Amadikira kuti timalata tija titsekeke ndi fumbi popanda wotipemerera ndi mpweya, kuti mphira zowakhazikira zithe n'kumagwedezeka pachitsulo chokhachokha, kuti m'rediyeta muzithiridwa madzi wamba m'malo mwa coolant amene amaletsa dzimbiri. Zikakwana zimenezi amati ayitanidwa mwaulemu, ndipo amafika.

Pomaliza pake wokonzedwayo amabwerera pamalo pake ndi mphira zatsopano. Rediyeta amaitsukuluza ndi sopo kangapo mpaka madzi atuluke oyera, mapaipi amphira amene oyilo anatupitsa amasinthidwa, oyilo ndi mafyuluta zonse zatsopano. Kapitawo amafunsa za coolant, n'kuuzidwa kuti ndalama yake inathera ku gasiketi ija. Amakanda mutu, kuyang'ana dzuwa, n'kuitana mnyamata wothandiza makaniko: "Iwe, tenga chidebe uthamangire kumtsinje."