Chitamando cha Mpata wa Arduino

Popeza alakatuli anatha kale mawu potamanda mafumu ndi ngwazi za nkhondo, ndipo olemba nkhani sagona tulo pokweza makina alionse amene atuluka opanda chilema, ine ndaona kuti n'koyenera kuti ndiombe m'manja pamaso pa mbuye wina wamng'ono amene sanaimbiridwepo nyimbo, ngakhale ufumu wake wafika m'sukulu ndi m'nyumba za amisiri pa dziko lonse lapansi, ndiye mpata umene uli pakati pa pini 7 ndi pini 8 pa bolodi ya Arduino.

Bolodi imeneyi inabadwira ku Ivrea, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2005, pamene Massimo Banzi ndi anzake anafuna kupatsa ophunzira kachipangizo kotsika mtengo kolamulira nyali ndi timakina. Tsono mwambo wa amisiri a zamagetsi umati mapini azitalikirana ndi inchi 0.1, ndiwo mamilimita 2.54, ndipo timabolodi tobowolabowola timene munthu amagula kuti alumikizirepo zake tinapangidwa pomvera lamulo limeneli. Koma mbuye wathu, pokana kuwerengedwa pamodzi ndi anthu wamba, anadzisankhira inchi 0.16, muyeso wosafika pa mabowo awiri komanso wopitirira bowo limodzi, kotero kuti kabolodi kogula sikakhala pa Arduino mmisiri asanapinde mapini ndi pulayazi, thukuta lili kamukamu. Eni ake anavomera kuti kunali kuphonya kwa m'changu. Ine nditi kunali kudzozedwa. Pakuti amisiri ena atayamba kupanga ma shield, ndiwo mabolodi okwera pamsana pa Arduino, anayenera kutsata mpatawo, ndipo pofika tsiku lakuti wina aganize zouwongola, mtundu wonse unali utamanga kale pamenepo. Arduino Uno itatuluka mu 2010 mpata unalipo, ndipo Uno R4 ya mu 2023 inaulandira monga cholowa cha makolo. Kodi mpata wa m'mano mwa namwali sitimautcha kukongola? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

M'bwalo la mbuyeyu muli nduna zochokera ku Britain. Raspberry Pi 2, imene inatuluka mu 2015, inali ndi manyazi osayerekezeka, chifukwa munthu akaijambula ndi kamera ya fulashi ya xenon, kuwalako kunkalowa m'kachipu kosavala kanthu koyang'anira mphamvu ya magetsi, bolodi n'kukomoka pomwepo. Ndipo mankhwala ake anali kumata kachipuko ndi Blu-Tack. Raspberry Pi 4 ya mu 2019 inaposa pamenepa m'chilungamo. Lamulo la USB-C limafuna ma resistor awiri, lililonse pa waya wake, koma iyo inaika limodzi kuti mawaya awiri agawane mwachibale; motero zingwe zodula zokhala ndi kachipu m'kati, zonga za MacBook, zinkaiyesa chomverera nyimbo n'kuimana magetsi, pamene chingwe chotchipa cha pamsika chinkaidyetsa mosavuta. Odzikuza anatsitsidwa, aumphawi nakwezedwa. N'zachisoni kuti eni ake anachita mantha nakonza zimenezi m'mabolodi otsatira, osalola chilemacho kuti chikule mpaka kudzalowa ufumu.

Nanga za mabuku olongosola kagwiridwe ka zipangizozi ndinene chiyani? Buku la chipu cha BCM2835, chimene chinali mtima wa Raspberry Pi yoyamba, linatuluka ndi zolakwa zokwanira kuti owerenga adzilembere okha mndandanda wautali wozikonza, ndipo potero ophunzira anasanduka aphunzitsi a mwini buku, ulemu umene sukulu zambiri sizinaupereke kwa ana ake. Koma opambana onse ndi mabolodi otengera, aja ofika m'kathumba kotuwa opanda ngakhale kapepala, amene amasiya mmisiri kuti adziwe yekha kuti pini iyi imalandira mavolti 3.3 kapena 5. Pakuti akayesa molakwa, yankho limabwera msanga ndi mosabisa, mwa kautsi kochepa ndi fungo la pulasitiki wopsa, ndipo mmisiriyo, ataphunzira zimene buku silikanamuuza, amaitanitsa ina kwa wogulitsa yemweyo.