Mame osakamuka a ku Area 47

Amene anayamba kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ayenera kuti kwawo kunalibe rimoti. Mlendo wa masiku amenewo ankagona pamphasa, tambala akalira n'kukumbukira mbuzi zake. Wa lero mwamuyalira matiresi, mwamuonetsa mpopi wa madzi otentha ndi mpira wa ku England pa kanema. Dzuwa loti limukamutse lituluka kuti?

Mame athu anagwa mu April. Anabwera nawo amalume a ku Dowa pomwe ankadzagulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo. "Mphwanga, awa ndi anzanga a ku kilabu ya alimi. Agona masiku awiri basi." Fodya anagulidwa, amalume tinakawakweza basi kudepoti ku Old Town, koma anzawowo anatsala, ati akudikira kuti ndalama zioneke kubanki.

June anatipeza akudikirabe. Apa n'kuti atadziwa mpando wanga, kapu yanga, ngakhale pomwe mayi a kunyumba amabisa shuga. M'mawa ine ndikuthamangira minibasi ya ku City Centre, iwo ali pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake: "Achimwene, pobwera musaiwale buledi, wa dzulo uja anali wouma." Mayuniti a magetsi omwe ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi anayamba kutha pa 15, chifukwa akuluwa ankasita ngakhale masokosi.

Chovuta n'chakuti kwathu kuno mlendo sapirikitsidwa. Ukangomufunsa tsiku lonyamuka, mbiri imakafika kumudzi iye asanafike, yoti mwana wa uje tauni yamulowa m'mutu. Ndiye tinayesa zachikulu. Ndiwo zinasintha, nkhuku n'kusanduka bonya. Anayamikira, ati bonya amawakumbutsa kwawo. Ndinaimbira amalume, poti amene wabweretsa katundu ndiye amadziwa pogwira. Iwo anangoti netiweki yavuta, ngakhale mawu a nkhuku zawo ndinkawamva bwinobwino.

Anatiwombola ndi mayi a kunyumba, mu October, maluwa a jakaranda atayamba kuyoyokera m'misewu. Titatha kudya, mayiwo anagwada mwaulemu wonse.

"Bambo, ife taona kuti kukutchulani mlendo n'kukunyozani. Inu tsopano ndinu apakhomo."

Akuluwa anamwetulira mpaka usinini kuoneka.

"Ndiye apakhomo pano amasonkha ya mayuniti pa 1 paliponse. Komanso mvula yayandikira, kuseriku kukufunika mizere. Khasu lili m'sitolo, inu poti ndinu katswiri wa ku kilabu."

Ku Lilongwe kulibe kadothi kogona. Ngakhale kuseri kwa mipanda ya njerwa chimanga chimamera. Akuluwa mizere anaunga itatu. Wachinayi asanaufikitse pakati, ndalama zija zinaoneka mwadzidzidzi kubanki, ndipo anakumbukira kuti nazale ya fodya kumudzi ilibe woithirira.

Ndinawaperekeza ndekha kudepoti, tikiti n'kuwagulira. Basi ikutuluka anandibayibitsa pawindo, atavala jekete langa la ukwati.