Abwana anga ndi a ubweya

Kumudzi amadziwa kuti ku Johannesburg kuno ndine kapitawo wa panyumba. Si bodza kwenikweni, kungoti sindinawauze kuti amene ndimamuyang'anira ndi mphaka wa adona, wa mtundu wa Persian.

Musaganize za pusi wakwanu uja wogona paphulusa. Uyu ndi wa kubanja lodziwika. Akuti makolo ake anachokera ku Persia, komwe lero ndi Iran, ndipo amene anawatengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi mzungu wa ku Italy, Pietro della Valle. Pofika 1871 abale ake anali akuoneredwa kale pa chionetsero cha amphaka ku Crystal Palace, mumzinda wa London. Ine mbiri ya kwathu imathera pa agogo, ndipo nawonso amadziwika ndi ngongole.

Ntchito imayamba ndi chipeso. Ubweya wake ndi wautali komanso wothithikana, ukangoudumphitsa masiku ochepa umamangana mfundo mpaka kukametedwa kwa dokotala wa ziweto. Ndiye tsiku lililonse ine wadazi, amene ndinatsanzikana ndi chipeso kalekale, ndimagwada pansi kupesa mnzanga, mpaka kukhwapa komwe. Thalauza langa lakuda pano ndi lotuwa.

Kenaka nkhope. Ndi yophwatalala ngati anaombedwa ndi chitseko, koma anthu anachita kusankha dala poweta, ati ndiko kukongola. Kamphuno kafupiko kamamuvutitsa kupuma, moti akagona mkonono wake umamveka mpaka kukhitchini, ndipo kukatentha amafuna pozizira. Misozi nayo sitsika bwino m'njira yake, imangoyenderera kumaso. Wopukuta manthongowo ndi kathonje ndine, bambo wa ana akuluakulu, munthu woti pamaliro kwathu amandipatsa mpando.

Mtundu umenewu umavutikanso ndi matenda a impso otengera kwa makolo, choncho iye ali ndi dokotala wakewake. Ine mutu ukandiwawa ndi Panado basi.

Khalidwe lokha ndimuyamikire. Ndi wofatsa, salira mokweza, kukwera pamakabati alibe nako ntchito. Amangokhala pampando tsiku lonse, ndipo amatero mwaulemu ndithu.

Tsiku lina khoswe analowa m'khitchini. Ndinati lero ndione ntchito ya abwana. Anamuyang'ana khosweyo, kenaka anandiyang'ana ine, n'kuyasamula. Ndinatenga tsache n'kuthamangitsana naye mpaka kugwa chagada pafupi ndi firiji. Adona atamva phokoso anathamanga, nandidumpha pomwe ndinagwerapo, n'kukanyamula mphaka kuti mwina wachita mantha.