Mbona pa siteji

Ku Ulaya kuli masewero a opera a anthu ochepa, momwe anthu otchuka a m'mbiri amafa akuimba. Munthu wabayidwa kale, koma nyimbo ikupitirirabe mphindi khumi!

Nkhani yoyenera tili nayo kuno kuchigwa. Akuluakulu amati Mbona wa ku Khulubvi, ku Nsanje, ataona adani ake atatopa ndi mikondo yosamulowa, iye mwini ndiye anawauza chomuphera: kaudzu chabe. Ulemu wotere ngosowa. Steve Chimombo anamulembera kale sewero la The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978. Chatsala n'kuitana anyamata a valimba.

Nkhawa yanga ili pa woimba gawo la Mbona. Mukamuveka jekete yakuda pa dzuwa la Okutobala ku Bangula, akomoka adaniwo asanafike n'komwe.