Momwe Mungawonongere Maphunziro a Mwana Wamng'ono Sukulu Zikatsekedwa

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Olemba mayeso adabwerera pa 7 Sepitembala, koma ana a makalasi oyambirira adadikira mpaka pa 12 Okutobala. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2, ndipo ndidawalandira ndi maso angawa. Ena amene adachoka akuwerenga mawu ngati "mayi" ndi "gule" adabwera ataiwala ngakhale kagwiridwe ka pensulo. Chidandiwawa kwambiri nchakuti ena mwa iwo adachokera m'nyumba momwe mudali foni yamakono, momwe makolo adadzimana ndiwo kuti agule bandulo, ali ndi mtima wonse wofuna kuthandiza mwana wawo.

Kuyambira nthawi imeneyo sukulu zatsekedwanso kangapo: mu Januwale 2021 matenda aja atabuka kachiwiri, mu Januwale 2023 ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera, ndi mu Malichi chaka chomwecho kuchigawo cha kumwera namondwe Freddy atawomba. Zidzatsekedwanso tsiku lina. Nchifukwa chake ndalemba njira yonse yowonongera maphunziro a mwana, monga momwe ndidaionera ikuyenda. Ndi njira yotsimikizika. Aliyense woitsata adzafika kumene adafika ana aja.

Yambani ndi kumpatsa mwanayo foni, inu nkuchokapo. Izi ndiye phata la zonse, ndipo mukazichita bwino zina zotsalazo nzongowonjezera. Mtsegulireni kanema wa masamu pa YouTube, muuzeni kuti "uziphunzira," kenaka pitani kukachapa kapena kumsika. Kanema woyambayo akatha, wina adzayamba yekha, chifukwa YouTube idapangidwa kuti munthu asachokepo. Wachiwiri adzakhalabe wa manambala. Wachitatu adzakhala wa nyimbo. Pofika wachisanu mwana wanu adzakhala akuonera anthu akumasula mabokosi a zidole kudziko lina lakutali, pakati pake pakudutsa malonda amene iye sangawasiyanitse ndi phunziro. Mukabwerako mudzampeza ali phee, maso ali pafoni, ndipo mtima wanu udzakhala pansi poganiza kuti waphunzira maola awiri.

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sadziwa pamene walakwitsa. Akasokoneza b ndi d, amafuna munthu amene wamva kulakwitsako, womuuza kuti "bwerezanso, taona mimba ya lemboli yaloza kuti." Amafuna kutchula mawu mokweza pali khutu lomumvera, ndiponso kuona nkhope ya munthu ikusangalala iye akakhoza. Kanema sachita zimenezi. Amene adakonza zipangizo zabwino amadziwa izi. Bungwe la onebillion la ku Britain, limene lidakonza maphunziro a kuwerenga ndi masamu a pa tabuleti m'Chichewa ndipo lidawayesa koyamba m'sukulu za kuno pamodzi ndi bungwe la VSO, lidapambana nawo mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019. Komabe m'sukulu zathu, kuphatikizapo zimene zili mu ndondomeko ya BEFIT imene boma lidayamba mu 2023 ya Sitandade 1 mpaka 4, ana amagwira matabuletiwo kwa kanthawi kochepa koikika, mphunzitsi ali pomwepo akuyendayenda pakati pawo. Inu chotsanipo munthuyo, musiyepo chipangizo chokha.

Chachiwiri, onetsetsani kuti chilichonse chimene mwana akuonera nchachingerezi chokhachokha. Ambiri a ife timachita izi ndi cholinga chabwino, chifukwa tidaona Chingerezi chikutsegulira anthu makomo a ntchito. Koma taonani zimene zimachitika m'mutu mwa mwana wa Sitandade 1. Kusukulu tidamphunzitsa maliwu: a, e, i, o, u, kenaka maphatikizo: ma, me, mi, mo, mu. Chichewa chili ndi ubwino wakuti lembo limamveka monga momwe lalembedwera, ndipo mwana akangogwira maphatikizo, mawu amayamba kumasuka okha. Ndondomeko ya National Reading Programme, imene idayamba mu 2016, imadalira zimenezi. Tsopano mwanayo akhale miyezi isanu ndi umodzi akuimba mayina a malembo a Chingerezi ndi kanema wa ku America. Akabwera, mukamuonetsa mawu oti "ana" adzakuuzani kuti "ei, eni, ei," nkukhala chete, chifukwa zimenezo sizikupanga mawu alionse amene iye amawadziwa. Ndidakhala masabata ndikumasula mfundo imeneyi pa ana angapo, ndipo ena adali atayamba kale kukhulupirira kuti ndi mbuli.

Choncho musafufuze za m'chilankhulo chake. Musadziwe kuti African Storybook, ya bungwe la Saide ku South Africa, ili ndi timabuku ta nthano taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chinyanja zili momwemo, ndipo mukhoza kutisunga mufoni nkumawerenga popanda intaneti. Musadziwe za makatuni a Akili and Me a bungwe la Ubongo la ku Tanzania, amene adapangidwira ana a kuno ku Africa ndipo ena adamasuliridwa m'Chichewa. Tengani Khan Academy Kids, imene ndi yaulere komanso yokonzedwa mwaluso, koma ya mwana amene kwawo amayankhula Chingerezi, ndipo mumpatse mwana wanu popanda womumasulira. Adzaphunzira kudina paliponse mpaka pamveke kabelu ka kukhoza. Kudinako adzakudziwa bwino kwambiri, tanthauzo osalidziwa.

Wailesi muinyoze. Nenani kuti nza kumudzi, nza anthu osauka. Mu 2020 Unduna wa Zamaphunziro udatumiza maphunziro a pa intaneti kwa ophunzira a sekondale kudzera pa tsamba la Notesmaster, mogwirizana ndi TNM kuti asamalipire, pamene a pulayimale adapatsidwa maphunziro a pa wailesi ya MBC. Kugawa kotereku kudali ndi chifukwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba imodzi yokha mwa pafupifupi zisanu ndi zinayi imawunikira magetsi, ndipo foni ya m'manja idali m'nyumba zongopitirira theka pang'ono. Maphunziro a pa wailesi a mtundu wa Tikwere adakonzedwa mwadala kuti mphunzitsi wa pa wailesiyo afunse funso, akhale chete pang'ono, mwana ayankhe, aimirire, aloze, aimbe. Ngati simungaizimitse wailesiyo, ingoisiyani izilira pakhonde mwana akusewera kuseri, pasakhale wamkulu womuuza kuti "akufunsa iwe, yankha." Zotsatira zake ndi zimodzimodzi ndi za foni ija.

Pa nkhani ya bandulo njira yake ndi yachidule. Onerani kanema yemweyo pa intaneti tsiku lililonse mmalo momusunga mufoni kamodzi, ndipo bandulo ya mwezi idzatha sabata isanathe. Ikatha, mkalipireni mwana kuti ndiye wamaliza. Muuzeni kuti sukulu yaima mpaka malipiro a kumapeto kwa mwezi. Adzamva bwino lomwe kuti kuphunzira ndi chinthu chodya ndalama za ufa, ndiponso kuti iye ndi amene amabweretsa mkangano m'nyumba.

Aphunzitsi anzanga, gawo lathu lilipo, ndipo pano ndinena zimene ndidachita ine mwini. Tsegulani gulu la WhatsApp la makolo. Jambulani masamba khumi ndi asanu a buku usiku, kuwala kuli kochepa, malembo osaoneka, nkuwatumiza onse nthawi imodzi cha m'ma 9 koloko ndi mawu akuti "ana alembe zonse pofika mawa." Musafotokoze kuti kholo liyambire pati, lifunse chiyani, lichite chiyani mwana akakakamira. Makolo ambiri sadaphunzitsidwe kuphunzitsa. Mawu a mphindi imodzi ojambulidwa m'Chichewa, onena kuti "lero tengani zitsekerero za mabotolo khumi, mwana azigawe pawiri," akadawathandiza kuposa masamba onsewo. Musawatumize mawu oterowo. Ndipo muwerenge okhawo amene akuyankha pagulupo. M'kalasi langa omwe adali pagulu adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene adali m'kaundula, koma ine ndinkagona ndi mtima woti ndagwira ntchito. Enawo, amene kwawo kuli foni ya mabatani, kapena foni imapita ndi bambo kuganyu mbandakucha nkubwera usiku batire itatha, sindidawatumizire ngakhale kapepala kamodzi kudzera kwa a komiti ya sukulu kapena kwa mfumu. Zimenezi zimandivutitsabe mumtima mpaka lero.

Njira ina yowonongera imaoneka ngati yosiyana ndi yoyamba ija, koma imafika komweko. Sandutsani pabalaza kukhala kalasi ya asilikali. Mkhazikeni mwana pampando kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa lili paliwombo, foni patsogolo, kamtengo m'manja mwanu. Mwana wamsinkhu uwu amatha kuika mtima pa chinthu chimodzi kwa kanthawi kochepa, kenaka thupi limafuna kuthamanga. Nchifukwa chake m'kalasi timasintha zochita pafupipafupi, kuimba, kuwomba m'manja, kutuluka panja kukalemba pamchenga. Bungwe la World Health Organization lidalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku atakhala pansi akuonera kanema kapena foni, ndipo wosakwana zaka ziwiri asamapatsidwe nkomwe. Inu mng'ono wake wa ku mkombaphala mumuike pomwepo tsiku lonse kuti asasokoneze. Wamkuluyo akalakwitsa, mumenyeni. Akalira, muuzeni kuti mwana wa aneba amawerenga kale nyuzipepala. Mukatopa naye, mulandeni pensulo, mulembe mayankho nokha ndi dzanja lamanzere kuti aoneke ngati a mwana, muwajambule, mutumize kwa aphunzitsi. Aphunzitsi adzachonga, adzalemba kuti wakhoza, ndipo palibe amene adzadziwe kuti mwanayo sadziwa kuti 7 kuphatikiza 5 ndi zingati.

Kenaka thamangitsani zonse zimene zilibe batire. Agogo akayamba nthano madzulo, ana nkumavomera kuti "tili tonse," auzeni kuti asiye, mwana ali ndi sukulu pafoni. Musaganize kuti mwana womvera nthano akuphunzira kutsata chiyambi, pakati ndi mathero, kusunga mayina m'mutu, kulosera chimene kalulu achite, zomwe ndi luso lomwelo limene adzafune powerenga ndime m'buku. Ndagi muziletse. Bawo ndi phada muzitche kutaya nthawi, ngakhale muli kuwerengera ndi kugawa. Musamtume kukagula tomato kuti awerenge chenji, musamfunse lembo loyamba pa thumba la shuga kapena pa chikwangwani cha minibasi, musampatse khala kuti alembe dzina lake pansi. Mchemwali wake wa Sitandade 7, amene akadakhala naye mphindi makumi awiri tsiku lililonse akuwerenga naye buku la kusukulu, mumpatse ntchito zonse za pakhomo kuyambira kutunga madzi mpaka kulera khanda. Mukatero mwawononga maphunziro a ana awiri nthawi imodzi.

Foniyo musaiteteze. Siyani zithunzi ndi makanema a m'magulu anu a akuluakulu zizingolowa pamalo pomwe mwana amatsegula. Dinani uthenga uliwonse wolonjeza "maphunziro aulere ndi bandulo yaulere," lembanimo dzina la mwana, sukulu yake ndi nambala yanu. Muuzeni mwana nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni kuti azidzigulira yekha bandulo. Munthu wachilendo akayamba kumulembera uthenga pagulu lina lotchedwa la maphunziro, musafunse kuti ndani. Nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana amene akukumana ndi nkhanza, musaisunge, ndipo mwanayo musamuuze kuti akaona chomuchititsa mantha pafoni akhoza kubwera kwa inu osakalipiridwa. Mwana woopa kulandidwa foni amabisa.

Tsiku lotsegulira sukulu likafika, mumchapire yunifolomu, mumperekeze mpaka pakhomo la kalasi. Mphunzitsi akakufunsani kuti zidayenda bwanji kunyumba, yankhani kuti "amaphunzira tsiku lililonse pa intaneti, aphunzitsi, ameneyu ali patsogolo." Musatchule kuti buku lake la Chichewa lidakhala pamwamba pa kabati kuyambira pamene sukulu zidatsekedwa. Mphunzitsi ali ndi ana odzaza chipinda, ena atakhala pansi mpaka pafupi ndi bolodi, ndipo adzakukhulupirirani. Adzamuika m'gulu la odziwa kuwerenga, nkutembenukira kwa ena. Padzapita masabata angapo asanafike pomuimiritsa kuti awerenge yekha. Mtsikana wina amene adabwera ndi mawu otere kuchokera kwa mayi ake ndidampatsa buku tsiku lina m'mwezi wa Novembala. Adaliyang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenaka adaika chala pa chithunzi cha nkhuku nkuchidina kawiri, kudikira kuti chiyankhule.